Ampulifaya ya Azala

Ampulifaya inafika pashopu ya Fyuzi itakulungidwa m'bulangete ngati wodwala. Woyendetsa takisi anaitula pakhomo, n'kudzigwira msana, n'kufunsa ngati m'katimo munali miyala. Fyuzi sanaseke. Sanavutikenso n'kuvundukula bulangetelo kuti adziwe chimene chabwera, chifukwa chogwirira chinali chitatulukira kunja, chija chinaduka kalekale n'kulumikizidwa ndi waya wa mabuleki a njinga.

Alamu ake anatsika pambuyo, atafungatira chikwama pachifuwa.

"Alamu, ndabwera nayo. Muione."

"Achimwene akudziwa?"

Mayiwo anamuyang'ana ngati wafunsa zopusa, ndipo zinalidi zopusa. "Adziwa bwanji, alamu? Mwati ndiwafunse, andiyankhe?"

Fyuzi anawerama n'kukweza katunduyo patebulo pake.

Dzina loti Fyuzi anamupatsa ndi anzake a mumsewu wa mashopuwo. Ali mnyamata, chilichonse chimene wamubweretsera, kaya wailesi kaya simbi, ankayamba n'kunena kuti ndi fyuzi asanatsegule n'komwe. Tsopano imvi zinali mbuu m'mbali mwa dazi, magalasi ali pamphuno, koma dzinalo silinamuchoke. Mkulu wake naye dzina lake lenileni linatsala pachiphaso. Aliyense amene anavinapo paukwati kapena muholo m'tauni imeneyo ankawadziwa kuti Azala, chifukwa cha zimene zala zawo zinkachita pagitala.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina Azala anawerama kuti amange zingwe za nsapato, osaweramukanso. Sitiroko. Mbali yonse yakumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu anapita. Kuchipatala anachita zimene akanatha n'kuwabweza kunyumba, kumene tsopano ankangokhala pampando pafupi ndi zenera, maso ali pakhoma. Ukawapatsa supuni adya, ukawatembenuza atembenuka. Kuwaitana, zii.

Mayi wa mafizo, amene ankabwera kudzawawongola miyendo, ndiye ananena kuti anthu otere nthawi zina amadzutsidwa ndi chinthu chimene ankachikonda. Anati musamangowayankhula, apatseni chimene makutu awo akuchidziwa. Mwana wawo wamkazi, amene onse ankangomuitana Chisamba poti ndiye anayamba kubadwa, anaphunzira gitala kwa bambo akewo asanayambe n'komwe sukulu. Anayesa kuwaimbira ndi gitala yopanda magetsi, koma palibe chinachitika. Ndiye anakumbukira ampulifaya ya bambo akewo, yokuzira mawu a gitala, imene inali kuseri kwa kabati. Ataiyatsa inathetheka, inanunkha zopserera, mayi ake n'kuzula pulagi akukuwa.

"Timafuna amve mawu awo omwe aja," anatero alamuwo, akupukuta m'maso ndi msonga ya mpango. "Ingoyaka basi, isanunkhe. Mwina atembenuka. Ngakhale kutembenuka kokhako, alamu, ine ndidziwe kuti m'thupi muja muli munthu."

Fyuzi anagwedeza mutu kuvomera. Munthu wina pamenepa akanamva kanthu m'chifuwa. Iye ayi. Chiwaonereni achimwene ake ali gone pabedi la kuchipatala, dovu likutsikira m'khosi, m'kati mwake munangoti zii. Anadikira misozi, sinabwere. Akapita kukawazonda ankakhala pang'ono, manja ali pamaondo, kenako n'kudzuka kukayendera masoketi a m'nyumbamo. Anakonza simbi, anakonza ketulo, anasintha babu la kubafa lomwe silinapse n'komwe. Alamu ake ankauza anthu kuti ndi munthu wolimba mtima. Sikunali kulimba mtima ayi, munalibe kanthu basi.

Koma ampulifaya imeneyi, eee, inali ndi mbiri. Inali ya mavalavu, timabotolo tagalasi tija timafiira m'kati tikatentha, zinthu zachikale zolemera ngati thumba la simenti. Azala anaigula ali mnyamata kwa mkulu wina wa bandi imene inatha, ndipo inali yodwala chiigulireni. Ukaiyatsa inkayamba yang'ung'uza, kenako n'kumathetheka ngati mafuta m'chiwaya, mpaka Azala aimenye mbama pakona yapamwamba ndi dzanja lamanzere, poti lamanja linkakhala litagwira kale chokandira nsambo. Pha! Ikatero inkakhala chete, iwo n'kuyamba kuimba. Pakonapo chikopa chinasupuka, thabwa linasalala ndi mbama za zaka zonsezo. Mawu ake anali osasa, onenepa, achimfine, ndipo ukakanda nsambo mwamphamvu inkabangula. Anthu ankawadziwira patali mawu amenewo, asanalowe n'komwe muholo.

Kwa munthu wokonza zinthu, kumva zoterozo n'kuzunzika. Anthu okonza zinthu ndi ovuta, musawaone kufatsa. Akalowa m'nyumba mwanu saona inu, amaona chitseko chimene chikukhula pansi. Fyuzi anapempha, ananyengerera, anaopseza kuti tsiku lina idzawagwira ndi magetsi pamaso pa akwati.

"Achimwene, tsiku limodzi lokha. Soketi ya valavu yakhwepa basi, ndi makapasita atopa."

Yankho linali limodzimodzi kuyambira ali anyamata mpaka onse awiri atachita dazi: "Osakhudza."

Mawailesi a m'nyumba ankamupatsa, firiji ankamupatsa, ngakhale gitala yeniyeniyo ankamulola kuilumikiza mawaya. Ampulifaya, ayi. "Iwe umakonza zinthu mpaka kuzipha," ankatero Azala, akuseka mpaka kutsokomola. Fyuzi sankaseka nawo. Zinkamupweteka kuti tauni yonse imamukhulupirira kupatula mwana wa mayi ake.

Tsopano inali patebulo pake, ndipo woti anene kuti osakhudza analibe pakamwa.

Alamu atapita, anaitembenuza n'kumasula masikuluu akumbuyo. Munatuluka fungo la fumbi, utsi wa fodya wa m'mabala ndi phula lopsa. Pansi pake anapezapo chokandira nsambo chothyoka, mazira a mphemvu ndi batani la jekete imene ankaikumbukira bwino, yobiriwira, imene Azala ankavala ngakhale kutenthe bwanji. Batanilo analiika pambali, osaganiza kanthu.

Anayamba monga ntchito imafunira. Makapasita aakulu amasunga magetsi ngakhale chinthu chitazimitsidwa, ndipo aluma odziwadziwa ambiri, choncho anayamba wawakhetsa kaye mpaka mita inaonetsa kuti mulibe kanthu. Atatero anaona zooneka ndi maso, n'kuiyatsa, dzanja limodzi ali nalo m'thumba, monga anamuphunzitsira abwana ake akale, kuti magetsi akakugwira asadutse pamtima. Ndi dzanja linalo ankagogoda chilichonse ndi kamtengo. Atafika pa valavu yachiwiri, thethethe! Soketi ija. Zaka zonsezi ankanena zoona.

Sanakondwe. Anangoona kuti ankanena zoona, n'kupitiriza.

M'katimo munali manyazi enieni. Makapasita aakulu anali atatupa, akudontha zoyera. Ang'onoang'ono, onga maswiti, ankalola magetsi kudutsa kumene sayenera kudutsa. Panali rezisita yolakwika, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi, imene munthu wina wosadziwa ntchito anaikamo kalekale, ndipo chifukwa cha iyo mavalavu ankatentha kuposa muyeso. Mavalavu aakulu awiri, amene amayenera kukhala mapasa, anali osiyana makampani, ina itatoperatu. Sipika inang'ambika pambali, ndipo Azala anaimata okha ndi kansanza ka malaya ndi guluu womatira matayala.

Apa mpamene akanaima. Alamu anapempha kuti iyake, isanunkhe, basi. Kusintha makapasita otupawo kukanakwana, chifukwa amenewo ndiwo akanayatsa nyumba. Koma manja ake anali atapeza chochita, ndipo munthu amene m'mutu mwake mwati zii amangotsatira manja. Utsi wa mtovu ukukwera, chowotcherera chili m'manja, sankaganiza za dovu lija kapena za khoma lija. Akamaliza chimodzi, maso ankagwera pa china.

Anasintha makapasita onse, aakulu ndi aang'ono omwe. Anachotsa rezisita yolakwika n'kuika yoyenera. Timano ta soketi anatipsinja mpaka valavu inagwira gwa. Anatsegula kabati n'kutulutsa mavalavu atsopano ofanana, amene anawagula kalekale n'kuwasunga kudikira tsiku lomweli, ngakhale mukanamufunsa akanakana. Sipika anaipititsa kwa mnzake woika mapepala atsopano pa masipika ong'ambika. Anawonjezeranso zake, kakapasita pa chokwezera mawu kuti nsambo zing'onozing'ono zizimveka bwino. Anaika chogwirira chatsopano. Ngakhale pakona posupuka paja anamatapo chikopa chakuda, n'kupukuta ndi polishi.

Pantchito imeneyi pali mwambo. Zimene wachotsa umazisonkhanitsa m'kajumbo n'kumupatsa mwiniwake pamodzi ndi katundu wake, kuti aone ndi maso kuti wasinthadi, sunamube. Fyuzi sanaphonyepo mwambo umenewu kwa kasitomala aliyense, ngakhale wa tochi. Koma m'bale wako ungamupatse kajumbo? Kumeneko n'kumuuza kuti amakuyesa wakuba. Anakokolola zakale zonse ndi chikhatho, n'kukazikhuthulira mumgolo wa kuseri kwa mashopu, mmene owotcherera, okonza mafoni ndi ena onse amatayamo zotsala zawo. Mavalavu okha ndiwo anawaika m'katoni, poti wokonza zinthu sataya galasi loti likuyakabe.

Ataiyatsa, chete. Anachita kusuzumira kumbuyo kuti aone ngati mavalavu afiira. Analumikiza gitala yake yoyesera, ya nsambo zadzimbiri, n'kukanda. Mawu anatuluka oyera ngati madzi a pampopi. Wokonza mafiriji wa shopu yoyandikana anatulutsa mutu pakhomo, sipanala ili m'manja.

"Imeneyo ndi ya ndani, a Fyuzi? Yatsopano?"

"Ya achimwene."

"Bodza! Yachimfine ija? Koma ndinu mfiti, mkulu!"

Anaipititsa Loweruka masana. Pabalaza pa Azala panali patasintha chidwalireni. Sofa anaikankhira kukona kuti palowe bedi, ndipo fungo la mankhwala osisitira linali paliponse. Patebulo laling'ono panali kapu ya mlomo wa pulasitiki, thaulo lopinda ndi mpira wofinya umene mayi wa mafizo anasiya, womwe palibe anali ataufinya. Azala anali pampando wawo, atawaveka malaya ochapa, atawameta ndevu. Dzanja lamanja linali pa pilo ngati la munthu wina. Lamanzere linali pantchafu.

"Achimwene, mwaswera bwanji?" anatero Fyuzi, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo monga nthawi zonse anadziyankha yekha n'kugwedeza mutu.

Chisamba anazungulira ampulifaya ija, manja ali m'chiuno. Anali mayi wa ana ake tsopano, koma pakamwa anatengera bambo ake. "Abambo aang'ono, mwaisambitsa mpaka mafuta! Tsopano tiipezere mwamuna."

Analumikiza gitala ya bambo ake n'kudina choyatsira. Khethe.

Palibe anaona kupatula Fyuzi, chifukwa maso a wokonza zinthu amagwera pa chimene chasuntha. Choyatsira chitangolira, dzanja lamanzere la Azala linanyamuka pantchafu. Pang'ono chabe, poti n'kudutsapo pepala. Linakhala m'malere, likudikira. Ampulifaya inali chete, yaulemu, yochira. Dzanjalo linadikirabe, kenako linabwerera pantchafu.

Chisamba anayamba kuimba nyimbo imene bambo ake ankatsekera nayo dansi iliyonse. Anaimba bwino, tisamunamizire, ndipo ampulifaya inalira mokoma zedi. Nsambo iliyonse inkamveka payokha. Mayi wina wodutsa mumsewu anaima pazenera, beseni lili pamutu. Alamu anagwira pakamwa, maso ali pa amuna awo.

Azala maso pakhoma. Ntchentche inatera pachala chawo, n'kuyendayenda, n'kuuluka.

Chisamba anakweza mawu. Anaimba ina, yothamanga. Anabwereza yoyamba ija. Pakati pa nyimbo anasiya, nsambo n'kuzigwira ndi chikhatho, ndipo anayang'ana ampulifaya nthawi yaitali.

"Ikulira bwino," anatero. "Koma si ya abambo iyi. Ikulira ngati ya kutchalitchi. Mwaichita chiyani, abambo aang'ono?"

"Ndaikonza."

"Zonse?"

"Zonse."

Chisamba anazula waya n'kuyamba kumupinda pang'onopang'ono. Mayi ake anatenga thaulo n'kupukuta pakamwa pa amuna awo, kenako n'kuwakonza kolala yomwe inali yokonzedwa kale.

"Basi, tayesa," anatero, mawu ali pansi. "Mayi wa mafizo uja amangotilimbitsa mtima, ndi ntchito yake. Tisawavutitsenso ndi phokoso. Ine ndaona, mulibe munthu muno. Zikomo alamu, mwagwira ntchito."

Zikomo ameneyo Fyuzi anamulandira ali chilili. Ankadziwa kuti munthu alimo, poti anamuona akutukula dzanja. Ankadziwanso chimene dzanjalo linkadikira, ndi amene anachichotsa. Anayesa kuti mwina tsopano amva manyazi, kapena mantha, koma zinangomufika ngati nkhani ya pawailesi. Anati pali kanthu kena kamene waiwala kumanga m'katimo, n'kuinyamula yekha mpaka pamsewu.

Mgolo wa kuseri kwa mashopu anaupeza uli mbee. Wogula zitsulo anali atadutsa ndi ngolo yake. Fyuzi anatseka shopu nthawi yoweruka isanakwane, chinthu chimene sanachitepo, n'kulondola mpaka kumalo kumene zitsulo za tauni yonse zimakathera. Kunali milu ya zitseko za magalimoto, mabedi, mbaula, mawaya opiringizana. Mwini malowo, bambo wa chipewa chamafuta, anamvetsera n'kuseka mpaka kugwira pamimba.

"Tinthu tonga maswiti? M'phiri ili? Madala, mwadya koma?"

Anamulola kufufuza. Fyuzi anafukula mpaka zala zinachekeka, buluku n'kung'ambika pabondo. Anapeza zamkati mwa mafoni, anapeza makapasita a mafiriji, anapeza wailesi imene anaikonzapo yekha zaka zapitazo. Za ampulifaya ya achimwene ake sanapeze ngakhale chimodzi. Madzi akatayika saoleka. Anasamba m'manja pampopi wa pamenepo, n'kuona magazi akutsika ndi madzi, osamva kuwawa.

M'mawa mwake anayamba ntchito imene sanaigwirepo chiyambire: kuwononga chinthu mosamala. Makapasita aakulu atsopano anawasiya, poti sankafuna kuyatsa nyumba ya alamu ake. Zina zonse anabwerera nazo m'mbuyo. Anatulutsa mavalavu akale m'katoni n'kuwabwezera, wotopa uja pamalo pake pomwe. Rezisita yolakwika ankaikumbukira mitundu ya mizere yake, ndipo anapeza ina yofanana nayo. Kakapasita kake kowonjezera anakadula. Kenako anatsitsa mawailesi akufa amene anadzaza pashelefu yapamwamba, a zaka zofanana ndi ampulifayayo, n'kumachotsamo timakapasita takale, n'kumatiyeza ndi mita kamodzikamodzi.

Wokonza mafiriji anaima pakhomo akuonerera, akumwa tiyi.

"A Fyuzi, ndikuona bwino ine? Zabwino mukuponya uko, zoola mukusunga?"

"Eya."

"Mwayamba liti kusuta?"

Fyuzi anatenga lezala n'kucheka pepala latsopano la sipika, pambali, pamene panali pong'ambika paja. Dzanja linakana kaye, linazolowera zina, koma anacheka. Anang'amba kansanza ku malaya ake ogwirira ntchito, anapempha guluu kwa womata matayala wa pakona, n'kumata moipa mmene akanathera. Anatenga singano n'kutakasa timano ta soketi mpaka valavu inayamba kugwedera. Pomaliza anamatula chikopa chakuda chija pakona, n'kupala guluu ndi chikhadabo mpaka thabwa losalala linaonekanso. Chogwirira cha waya wa njinga nacho chinapita ndi mgolo, ndiye chatsopanocho anangochisiya.

Anaiyatsa. Inang'ung'uza, inathetheka. Anaimenya pakona, inakhala chete. Anakanda gitala yoyesera, mawu n'kutuluka osasa. Anamvetsera mutu atapendeketsa. Inali pafupi, koma sinali yomwe ija, ndipo makutu ake ankadziwa. Mawu aja anaphikidwa zaka zambiri ndi kutentha, fumbi ndi mbama, ndipo iye anawakhuthulira mumgolo masana amodzi.

Alamu atamuona akutsika nayo m'takisi anapumira m'mwamba.

"Alamu, mwayambanso? Ndinanena kuti tisawavutitse."

"Kamodzi kokha, alamu. Mukakana ndibwerera nayo."

Anamuyang'ana zala zomata mapulasitala, anamuyang'ana kumaso, n'kupatuka pakhomo. Chisamba anali kukhitchini akutsuka mbale za bambo ake, ndipo anabwera akupukuta manja padiresi, nkhope ili gwa.

Ulendo uno Fyuzi sanaiike pakati pa balaza. Anatenga kampando, n'kuikhazika pamenepo, kumanzere kwa achimwene ake, pafupi kwambiri moti kona ija inatsala pang'ono kukhudza chigongono chawo. Chisamba analumikiza gitala osafunsa kanthu. Fyuzi anadina yekha choyatsira, n'kugwada pambali pake.

Khethe. Mavalavu anayamba kufiira. Kung'ung'uza kunabwera pang'onopang'ono kuchokera pansi. Kenako thethethethe!

"Mayo, ipsa!" Alamu anathamangira pulagi.

"Isiyeni, alamu."

"Ikuthetheka!"

"Isiyeni ithetheke."

Phokosolo linadzaza balaza, lonyansa, loboola m'makutu. Chisamba anatukula dzanja kuti aimenye yekha, Fyuzi n'kupukusa mutu. Inathethekabe. Alamu anatseka makutu, akuyang'ana mlamu wawo ngati wapenga. Fyuzi maso ake anali pantchafu ya achimwene ake.

Dzanja linanyamuka. Ulendo uno silinaime. Linakwera likunjenjemera, linaphonya, linakhula m'mbali mwa bokosi, linakweranso. Ndipo mutu umene unali utayang'ana khoma chibwerereni kuchipatala unatembenuka, pang'onopang'ono, khosi likuchita kukoka.

Pha!

Chete.

Chisamba anayamba kuimba asanauzidwe, misozi ikugwera pagitala, zala zikuterereka pansambo. Nyimbo yotsekera dansi ija inatuluka yosasa, yonenepa, ikubangula pamene anakanda mwamphamvu. Azala anatsinzina. Dzanja lawo linatsala pakona paja, chala chachikulu chikusisita thabwa. Mutu anaupendeketsa monga mmene mng'ono wawo amapendeketsera wake, poti onse anatengera bambo awo. Anamvetsera ndime yonse. Kenako nsidze yakumanzere, imene inkagwirabe ntchito, inakwinyika.

Anatsegula maso. Anadutsa pa akazi awo, anadutsa pa mwana wawo, n'kutsika mpaka pamene Fyuzi anagwada. Milomo inayamba kulimbana. Dovu linatsika, ndipo palibe anakumbuka thaulo. Chisamba anasiya kuimba.

"Wa..." Anameza. Khosi linakwera n'kutsika. "Wa... khudza."

"Ayankhula!" Alamu anakuwa, manja ali pamutu. "Anthuni, ayankhula! Chisamba, wamva? Bambo ako ayankhula!" Anathamangira pakhomo opanda nsapato kukaitana oyandikana nawo, akuseka ndi kulira pamodzi. Chimene amuna awo ananena sanachimve n'komwe, anangomva kuti ndi mawu. Chisamba anachimva. Anayang'ana bambo ake aang'ono, n'kuluma mlomo, n'kutembenukira kuzenera.

Fyuzi anali chigwadire. Akanatha kunena kuti ikanayatsa nyumba, kuti alamu ndiwo anabwera nayo, kuti wabwezeretsa zonse zimene akanatha. Maso amene ankamuyang'anawo ankawadziwa kuyambira ali mwana, ndipo sankanamizika.

"Ndakhudza, achimwene."

Dzanja lija linachoka pa ampulifaya. Linabwera m'malere n'kutera padazi pake. Pha. Sinali mbama yamphamvu, mwana sakanalira nayo. Koma dzanjalo silinachokepo. Linakhala pomwepo, lolemera, lofunda ndi kutentha kwa mavalavu.

Panja alamu anali akuitanabe anthu. Ampulifaya inkang'ung'uza pansipansi. Fyuzi anamva mawu ena osasa akutuluka m'balazamo, oipa, odukaduka, ndipo anachedwa kuzindikira kuti ndi ake.